Ulendo wa ku Claremont ndi ntchentche khumi ndi ziwiri

Ndinanyamuka ku Mfuleni, kuno ku Cape Town, Loweruka cha m'ma 7 koloko m'mawa, nditafumbata kakontena ka majarini. Munali ntchentche khumi ndi ziwiri, koma osati zotera pa nyama zija. Izi ndi mbedza zomwe timazimangirira nthenga ndi ulusi kuti nsomba iziyesa kachirombo. Ndimakolopa m'sitolo ya zowedzera nsomba m'tauni, ndipo a Pieter, mkulu wa pakauntala, anandiphunzitsa kumanga kwa miyezi inayi. Kenako anandilembetsa, osandifunsa, ku gulu lomwe limasinthana ntchentche. Aliyense amange zofanana, apereke, alandire imodzi kuchokera kwa mnzake aliyense. A Pieter anati zanga zikakondedwa, sitolo idzayamba kundipatsa zomanga. Tsiku limeneli gululo linkakumana ku Claremont.

Vuto linali pa mawu oti "zofanana". Zanga zinali ngati ana a mayi mmodzi, abambo osiyana. Komanso ine ndi mayi wa ku Ntcheu, kumtunda. Chibadwire sindinawedzepo ngakhale kachitemba.

Takisi ya ku tauni, minibasi ya kuno, inali R30. Ndinakhala kumbuyo, pakati pa mayi wachikhosa ndi bambo wina wa jekete ya alonda. Titadutsa bwalo la ndege ndinatsegula kakontena kuti ndionenso, ngati kuti zasintha m'njira. Mayi uja anasuzumira, naona nthenga za nkhanga ndi ulusi wofiira, nasendera kuwindo. Analankhula mawu amodzi omwe ndinawamva bwino: "Umuthi."

Bambo uja anaseka, nandiyankhula m'Chichewa chosakanikira Chishona. Anati ndi a Banda a ku Mbare, ku Zimbabwe, agogo awo anachokera ku Dedza.

"Akuti mwanyamula mankhwala, amayi. Ndi a chikondi kapena a ntchito?"

"Ndi a nsomba," ndinatero.

"Zimagwira?"

"Sindinayesepo."

"Basi ndinu sing'anga woona mtima," anatero, nafotokozera mayi uja. Mayiyo sanabwerere pamalo pake mpaka tinatsika.

Tinafika pa renki, siteji ya matakisi ya pamwamba pa sitesheni ya sitima, 9 koloko isanakwane, mphepo ikukankha anthu. Ndinagula magwinya awiri, mandasi a kuno, ndi tiyi. Takisi ziwiri za ku Claremont zinadzaza ndikuziyang'ana. Ndinali nditakonza kale bodza loti ndiuze a Pieter Lolemba: mwana anadwala. Kenako ndinakumbukira kuti a Pieter amadziwa kuti ana anga ali ku Malawi. Ndinakwera yachitatu.

Inadzera Main Road, ikuimaima pa Woodstock, Observatory, Mowbray, kondakitala akuitanira aliyense woyenda pansi. Ine ndinkafuna iime kwambiri. Ku Claremont ndinatsika cha m'ma 10, n'kuyenda wapansi m'misewu ya mitengo mpaka pa galaja ya nyumba yomwe ndinauzidwa.

Munali azibambo khumi, kuphatikizapo a Pieter, ndi mayi mmodzi, onse atavala magalasi pamphuno. Anzanga anatulutsa timabokosi ta thabwa lopolishidwa. Ine ndinaika kakontena ka majarini patebulo. Bambo wina anakakokera pafupi ndi mabanzi, nakatsegula mpeni uli m'manja. A Pieter ndiwo anakalanditsa.

Mwini nyumba, dokotala wopuma ntchito dzina lawo a Hendricks, anatenga imodzi, naizunguza pansi pa galasi lokulitsa zinthu. Ndinaona mfundo zanga zonse zitakula ngati zingwe za ng'ombe. Kenako anaiponya m'tambula ya madzi. Ntchentche yanga inkayenera kuyandama. Inamira mosakayika n'komwe, n'kukakhala pansi.

"Pepani," ndinatero, Chingerezi chitandithawa.

"Pe-pa-ni," anabwereza a Hendricks, akulemba pa kakhadi. "Ndi dzina lake? Imamira bwino. M'mitsinje ya kumapiri nsomba zambiri zimadyera pansi."

Ndinayang'ana a Pieter. Iwo anayang'ana kudenga. Ndikanatha kusiya zili choncho, koma ndinaulula kuti cholinga changa chinali choti iyandame, ndipo mawuwo ndi opepesa. Anaseka onse mpaka mayi wa m'gululo anavula magalasi. Atapuma anandiuza kuti chaka chake choyamba anafika pageti lomwelo, n'kubwerera kunyumba ndi ntchentche zake m'thumba. A Hendricks anandionetsa zawo. Manja awo amanjenjemera masiku ano, ndipo mapiko anali atapendekera kumodzi. Palibe anazikana. Za dzina lija anati iwo alemba kale ndi inki, safufuta.

Ndinakwera takisi yobwerera 2 koloko, m'kakontena muli ntchentche za anthu ena, zina zokongola, zina ayi. A Pieter anati zomangira sitolo tidikire kaye, ndiyambe ndaphunzira kuyandamitsa. Sindinatsutse. Ndinataya sabata zitatu ndikuopa mayeso, chonsecho anthuwo ankangofuna munthu wina wokonda kukhala pansi ndi nthenga. Tsopano m'mabokosi khumi ndi limodzi a ku Cape Town muli mbedza yolembedwa Pepani, ndipo tsiku lina bambo wina adzayenera kufotokozera mkazi wake chomwe anagwirira nsomba.