Bulawuzi ya Zigamba ya Mayi Christobel Mulipa

"Aphunzitsi, asilikali aja anagawana zovala za Yesu. Nanga chimodzicho bwanji sanaching'ambe?"

Anafunsa ndi Christobel, kamtsikana ka ku Malemia, pa Sande sukulu ku Domasi Mishoni. Mlaliki Jeremiya sanaseke. Anati m'Chigiriki, chinenero chimene analembera Chipangano Chatsopano, zovala zili pawiri. Chakunja, chofunda ngati chitenje, ndi himatiyoni, ndipo zotere ndi zimene anagawana. Cham'kati, chokhudza khungu, ndi kitoni, ndipo cha Ambuye chinalibe msoko.

"Yohane Mbatizi ponena kuti wa malaya awiri apatse wopanda, anatchula kitoni," anatero mlalikiyo. "Sananene zotsala m'sutikesi ayi."

Christobel anakula nawo mawuwo. Makolo ake anali Alhomwe olima, ndipo sukulu sanapite nayo patali. Atakwatiwa ndi a Morton Mulipa, kalipentala, anabereka ana asanu, koma atatu anawaika m'manda adakali aang'ono. Bambowo atatsogolanso, mayiwa analera otsalawo ndi khasu, osadandaula pagulu. Anavekedwa yunifomu ya Mvano: siketi yakuda, bulawuzi ndi duku zoyera. Kwa odwala ankafika oyamba, pamaliro ankachoka omaliza. Ankakonda kunena kuti, "Chakunja aliyense angapereke. Chikondi n'kuvula cham'kati."

Mayi wa Mvano amagonekedwa m'bokosi atavala yunifomu yake, ndipo nkhani imeneyi inkawakhala pamtima. Pokalamba, bulawuzi yawo inali itafiira, zigamba m'khwapa ndi pakolala. Atagulitsa nandolo anagula nsalu yoyera ku Songani n'kuipinda bwino.

"Iyi ndi ya ulendo," anauza mwana wawo Anita. "Usadzandipititse ngati wochokera kudimba."

Chaka cha namondwe wamkulu uja, mtsinje wa Domasi unasefukira, njira n'kuduka. Che Hafsa, Msilamu wa nyumba yoyandikana nawo, anataya kamdzukulu kawo, Yasmin, ndi malungo. Asilamu sagoneka maliro, komanso saika munthu popanda sanda, nsalu yoyera yokulungira thupi. Kusitolo kunali kosafikika. Mayi Mulipa anamva kulira, anatsegula sutikesi n'kupita nayo nsalu ija kwa Che Hafsa.

"Achemwali, iyi si yanu ya kutchalitchi ija?" anafunsa Che Hafsa.

"Mwanayu akuzizidwa. Dulani."

Amayi ena a Mvano anang'ung'udza. Wina anati, "Nsalu ya Mvano n'kukakulunga wa kumzikiti? Mudzapita ndi zigamba zanuzo." Tisawaweruze msanga, yunifomu ankailemekeza ndi mtima wonse. Mayi Mulipa anangoyankha kuti, "Sinasokedwe, sinapemphereredwe. Inali yanga chabe." Koma Anita anawapeza kuseri kwa nyumba akupukuta misozi. Zinawapweteka ndithu.

Madzi anakokolola minda, njala n'kulowa, ndipo ndalama yogulira nsalu ina panalibe. Che Hafsa ankati, "Mpunga wa chaka chamawa ukacha, ndikuvekani."

"Sanda sabweza, achemwali," ankayankha choseka. "Inu ingobwerani tizicheza."

Chifuwa chinawagwira Mayi Mulipa mpunga uli pafupi kucha. M'mawa wina anapempha Anita kuti awachapire bulawuzi yakale ija. Anaisisita m'zigamba, n'kunena kuti, "Iyi ndiyo ikudziwa kumene ndayenda. Undiveke yomweyi, usachite manyazi." Anapempha salimo, ndipo Anita asanamalize kuwerenga, anagona tulo tawo mwamtendere.

Anaikidwa ndi zigamba zomwezo. Mayi amene anawanyoza uja ndiye anamanga mabatani, akulira osatonthozeka.

Mpunga utakololedwa, Che Hafsa anafika pakhonde pa Anita, amene tsopano ndiye akukhala m'nyumbamo, atanyamula nsalu yoyera yatsopano.

"Ndachedwa, mwanawe. Nditani nayo tsopano?"

Anita anaitambasula pamiyendo, anaiyang'ana, n'kuipindanso.

"Isasokedwe, anganga. Ikhale choncho. Imfa ikayambira kwanu, mudzaipeza kuno."

"Ikayambira kuno, ine ndidzasoka ndi manja angawa," anatero Che Hafsa. "Ikatha tigula ina. Pakati pa nyumba ziwirizi sipadzapitanso munthu wozizidwa."

"Ndalonjeza, anganga."

"Nanenso ndalonjeza."