Girisi wa Kasitima Kam'mwamba

Ku paki ina yamasewera komwe ndinapita ndi mwana wanga, bambo wina wovala ovolosi ndinamupatsa chikwama changa kuti andisungire, ndikuyesa ndi wantchito. Mabuku onse ndinawerenga aja sanandithandize, chifukwa anali mwini paki.

Anangoseka, n'kundiuza kuti ndalama zikuvuta, amakaniko anawachotsa ntchito, ndipo anthu ena akufuna malowo kuti amangepo mafulati. Girisi wa makina a pakiyo ankapaka yekha, kuchokera m'kachitini kongotsala pang'ono kutha. Apo n'kuti mwana wanga wamkazi atakwera kale kasitima koyenda pa njanji zam'mwamba. Kananyamuka kakulira ngati chitseko chadzimbiri, ine ndikukayang'anitsitsa mpaka kanaima.

Titabwerera ku Utawala, dera lomwe timakhala kuno kudziko la eni, ndinawafotokozera aneba anga, Amalawi anzathu. Iwo sanaseke. Anati, "Achimwene, musanapitenso naye mwanayu, mukawafunse eniakewo ngati ana awo amakwera."