Mavoti Amene Ndinatafuna

M'zaka za m'ma 1990 ndinali mlembi wa kalabu ya omvera wailesi ku Mwase Lundazi. Chaka chilichonse tinkapereka chitenje kwa membala wothandiza kwambiri anzake. Povota, aliyense ankaponya mtedza umodzi m'chitini cha munthu amene wamusankha.

Chaka chimenecho ankapikisana NyaBanda, mayi amene ankalembera makalata anthu osadziwa kulemba, ndi a Jere, amene ng'ombe zawo zinkandilimira munda. Nditanyamula zitini kuti ndikawerenge kuseri kwa chitseko, a Jere anandinong'oneza kuti, "A mlembi, mvula ili pafupi."

M'maganizo ndinaona munda wanga wonse ndikuulima ndi khasu.

A Jere anapeza mavoti asanu ndi anayi, NyaBanda khumi ndi anayi. Matumba ndinalibe, zenera panalibe. Ndinatapa njere zisanu ndi imodzi za mtedza wa NyaBanda n'kuponya m'kamwa. Unali wauwisi, wouma gwa. Ndinatafuna pang'onopang'ono, kuopa kuti amva kukukuta.

Nditatuluka ndinalengeza kuti apambana ndi a Jere.

"Tavota anthu makumi awiri ndi atatu," anatero NyaBanda. "Mtedza wina wapita kuti?"

"Kaya, mwina mbewa," ndinayankha.

Ndinkangodikira kuti NyaBanda akuwe, koma anayankhula motsitsa mawu.

"Adada, pukutani pamlomo. Mbewa yasiyapo khungu la mtedza."

Sanandiululire kwa wina aliyense. Koma chaka chotsatira anapempha kuti tizivota ndi timiyala, ndipo zitini anandipatsa yekha m'manja.