Khonje wa Aphunzitsi

Pansi pa nkhokwe yathu, kuseri kwa Champhira, panali mtolo wa mbande za khonje. Ndimaukumbukirabe, minga yake yakuda, nkhuku zikuuzungulira. Unakhala pamenepo chilimwe chonse.

Chaka chimenecho bambo anali atamwalira. Kwathu kuno munda ndi wa kuchimuna, ndiye bambo aang'ono, pofuna ulendo wa ku Joni, anapangana ndi aphunzitsi athu, ochokera ku Dedza, kuti awagulitse munda wathu. Amayi anangouzidwa basi. Pangano linali lakuti aphunzitsi adzalowamo tikamaliza kukolola zonse. Munda unali wawo, koma khasu lolimamo linali lidakali lathu. Khonje uja aphunzitsiwo anabwera naye okha pa njinga, woti adzadzale m'malire tsiku lolowalo.

Chimanga tinakolola. Mtedza tinakumba. Kumunsi kunatsala mizere ya chinangwa, ndipo amayi analamula: "Wokhudza chinangwa icho, mbwenu aone kolowera."

Njala inatipeza msanga. Ine ndi mlongo wanga tinkadutsa pa mizere ija m'mimba mukulira, nthaka itang'ambikang'ambika chifukwa chinangwa chakhwima. Ndinkadana nawo amayi masiku amenewo, Mulungu andikhululukire. Lero ndili ndi anga ana, ndikudziwa kuti tikadazula phata lomaliza, tikadazulanso munda.

Loweruka aphunzitsi ankabwera kudzaona. Ankagwada, n'kufukula pang'ono ndi chala, n'kukwiriranso bwinobwino.

"Amayi, chikadali chanthete ichi. Ndidzabweranso."

"Yewo chomene," ankatero amayi, maso ali pansi.

Uthenga unkabwera kuchokera kwa bambo aang'ono wakuti mkazi ameneyo azule chinangwa, asawachititse manyazi. Amayi ankangoyankha kuti mwini wake wati sichinakhwime. Madzulo ankatigwaditsa pamphasa. Sankapempha kuti munda ubwerere, ayi. Ankangoti, "Ambuye, ana awa mukuwaona."

Mvula yoyamba itagwa, fumbi likununkhira, aphunzitsi anabwera ndi khasu. Anasolola khonje uja pansi pa nkhokwe, wina atafota kale. Tinaima chapatali, amayi atagwira chitenje kukamwa. Aphunzitsi sanapite kumalire. Anayamba kudzala pakati penipeni pa munda. Iwo anatenga kumtunda kwa miyala, kumunsi kwa chinyontho anatisiyira.

"Kuno kundikwanira," anatero. "Chinangwa chija mukhoza kukumba tsopano."

Tinachiphika tsiku lomwelo. China chinali chitauma mitsitsi, cholimba ngati nkhuni, koma tinadya. Chigawo chimenecho ndi chomwe ndikulima mpaka lero, ndipo khonje akadalipo. Ndikamapemphera, aphunzitsi aja sindiwaiwala.

Koma nthawi imeneyo ine ndinkawaseka. Ndinauza anzanga onse kusukulu kuti munthu wotiphunzitsa zaulimi m'kalasi sadziwa n'komwe chinangwa chokhwima.