Tsiku Limene Asodzi Anamenya Ahedi Athu

Ndikukumbukira chaka chimene ndinali mu Sitandade 6 pasukulu yathu kufupi ndi Liwaladzi, sukulu ya zipinda zochepa moti ena tinkaphunzirira pansi pa mitengo ya mango. Ndinali mtsikana wowonda wa zaka khumi ndi ziwiri, mwana wa msodzi. Chaka chimenecho kunabwera ahedi atsopano, a Gondwe, bambo wamtali wochokera kumpoto. Ankavala malaya oyera ositidwa bwino, ndipo sindinawaonepo akuseka.

Atangofika anasintha zinthu. Analamula kuti ife a makalasi akuluakulu tizifika dzuwa lisanatuluke n'kuyamba masamu belu lisanalire, ndipo masana anzathu akaweruka tizitsalira kuwerenga. Chifukwa chake sanatiuze. Aphunzitsi anzawo sanauzidwenso, makolo nawo anangoona ana akudzuka kukadali chisisira. Pa asembule a Gondwe ankangoti, "Wochedwa aonana nane." Kuseri kwa chitseko cha ofesi yawo kunkakhala mtolo wa zikwapu za bwemba.

Vuto linali lakuti nthawi imeneyo ndi imene ngalawa zinkafika padoko. Usipa sudikira munthu. Ukachedwa kuuyanika pathandala umayamba kununkha, ndipo thukuta lonse la ababa limapita pachabe. Amayi anali ndi pakati, atatopa kale, choncho ntchito yosenza mabeseni kuchokera kumadzi inali yanga. Masana ndinkafunikanso ku madrasa. Ndinkachedwa pafupifupi tsiku lililonse, ndipo manja anga anazolowera chikwapu mpaka kuchita zikang'a.

Tsiku lina usipa unaphedwa wambiri zedi. Ndinafika kusukulu dzuwa litakwera, mamba atamatirira m'mikono, yunifolomu ikununkha nsomba. Ndinapeza a Gondwe ali m'kalasi mwathu, choko kudzanja lina, chikwapu kudzanja lina.

"Asiyatu, wachedweranji?"

"Ndimayanika usipa, ahedi."

"Usipa! Ufuna kudzakalambira pathandala ngati amako?"

Anzanga ena anaseka. Kutchula amayi kunandiwawa, ndipo pakamwa panga panatseguka pokha. "Usipa womwewo ndi umene umatidyetsa, ahedi."

A Gondwe anandigwira pakhosi pa diresi n'kuyamba kundikwapula m'miyendo. Chikwapu choyamba chitathyoka anatuma mwana kukatenga china. Ndinkamva ngati akundithira madzi owira m'akatumba, kenako ndinaona magazi akutsikira kuzidendene. Nditayesa kuthawa ndinapunthwa n'kumenyetsa pakamwa pakona ya desiki. Dzino langa lakutsogolo linabenthuka, ndipo m'kamwa munadzaza magazi amchere. Iwo sanaleke. Amene anandipulumutsa anali Mayi Nkhoma, achiwiri kwa ahedi, amene anathamanga kuchokera m'kalasi loyandikana nalo n'kuwagwira mkono.

"Ahedi, basi! Mupha mwana wa eni!"

Ndinatuluka osatenga ngakhale makope. Ababa ndinawapeza padoko akusoka ukonde ndi asodzi anzawo pansi pa mtengo. Anayang'ana pakamwa panga, anayang'ana miyendo, nkhope yawo inada bii.

"Wakuchita zimenezi ndani?"

"Ahedi."

Anatola nkhafi yopalasira ngalawa, anandigwira pamkono mwamphamvu, n'kuyamba kundikoka kubwerera kusukulu. Anzawo anatitsatira, ena ndi nkhafi, ena akutola miyala m'njira. Ambiri a iwo ana awo anali ndi zipsera za zikwapu zomwezo, ndipo mkwiyo umenewu unali utasungidwa nthawi yaitali. Pamene tinkadutsa msewu wa tala, gulu linali litakula, azimayi akukuwa kumbuyo.

A Gondwe anatuluka pakhonde la ofesi atakweza manja. "Abambo, tiyeni tikhale pansi tikambirane."

"Iwe!" anakuwa ababa, akundikankhira kutsogolo. "Taona mwanayu! Ndi ng'ombe yako imeneyi?"

Nkhafi yoyamba inatera paphewa. Yachiwiri inawapeza pambali pa mutu, ndipo kulira kwake sindidzakuiwala, kunali ngati munthu akuswa chikuni chouma. Ahedi anagwada, kenako anagwa chafufumimba. Anthu anawaunjirira ndi mateche ndi zibakera. Miyala inaswa mawindo a ofesi, ana aang'ono ankatulukira pazenera akulira, wina anayatsa udzu wa kakhitchini ka kunyumba kwa ahedi, utsi n'kukwera. Malaya oyera aja anafiira mpaka m'chiuno. M'khutu lawo munkatuluka magazi akuda amene ankalowa mumchenga.

Ine amene ndinkalakalaka m'njira monse kuti awamenye, ndinakakamira mwendo wa ababa ndikukuwa, "Ababa, mwapha munthu! Ababa, lekani!"

Mayi Nkhoma anadziponya pamwamba pa a Gondwe, teche lina n'kuwapeza m'nthiti. Anadzutsa mutu n'kuyamba kuitana amuna aja mmodzimmodzi ndi mayina awo, pakuti ena anawaphunzitsa okha ali ana. Munthu akakutchula dzina pagulu, dzanja limalemera. Anayamba kubwerera m'mbuyo, ndipo ena anazemba.

Masana omwewo apolisi anabwera n'kutenga ababa ndi amuna ena kupita nawo kuboma. A Gondwe anawatengera kuchipatala ali chikomokere. Sukulu inatsekedwa. Usipa uja unawolera pathandala, ntchentche zili ng'waa, ndipo amayi anachira mwana wamwamuna ababa ali m'chitokosi.

Patapita milungu ingapo, komiti ya sukulu inaitanitsa msonkhano pansi pa mango. Kunabwera makolo, ashehe, akuluampingo ndi ife ana. Ababa anali atatuluka pa belo, ndipo anakhala kumbuyo atazolika. A Gondwe anafika mutu uli m'bandeji, akuyenda mopendekeka. Khutu lawo lakumanzere linali litagontha, ndipo silinamvenso. Aka kanali koyamba kuwamva akulankhula mawu ambiri.

"Nditafika pano ndinafunsa kuti ndi atsikana angati a sukulu ino anapitako ku sekondale. Anandiuza kuti palibe ndi mmodzi yemwe. Zinandisowetsa tulo. Ndinkafuna kuti tsiku lina mayi wa pagombe pano akapita kukachira kuchipatala, namwino womulandira adzakhale mwana wa pompano. Asiyatu amaposa anzake onse masamu. Ndinkamuona akutayika, ndiye mkwiyo unandilamulira. Ndinamupweteka mwana. Ndinalakwa."

Ine ndinadabwa kwambiri, chifukwa sanandiuzepo ngakhale tsiku limodzi kuti ndimakhoza. Kenako ababa anaimirira pang'onopang'ono, chipewa chili m'manja.

"Aphunzitsi, nanga zimenezi bwanji simunatiuze? Ine ndimayesa mumangodana ndi ana a asodzi."

A Gondwe anatembenuza khutu lakumanja, ndipo Mayi Nkhoma anawabwerezera funsolo. Ababa anakhala pansi n'kubisa nkhope m'chipewa.

A Gondwe anathetsa mlandu, ndipo teremu isanathe anasamutsidwa. Sindinawaonenso. Udindo unapita kwa Mayi Nkhoma, amene anatola maganizo omwe aja n'kuyenda nawo. Ankapita padoko kukakhala pamchenga ndi azimayi, ankadikira amuna panja pa mzikiti Lachisanu, Lamulungu ankaimirira kutchalitchi, ndipo konseko ankanena chinthu chimodzi: mwana wa pagombe pano apite ku sekondale. Akatero ankafunsa kuti, "Inu mukuona kuti tichite bwanji?" Sikuti onse anavomera. Ena anawanyoza, ena anachotsabe ana awo. Koma ambiri anagwirizana kuti maphunziro apadera aziyamba usipa utayanikidwa, ashehe anasuntha nthawi ya madrasa, ndipo azakhali anga anayamba kundisenzera mabeseni nyengo ya mayeso ikayandikira. Zikwapu zija Mayi Nkhoma anazipereka kwa amayi ophika phala kuti asonkhezere moto.

Ndinasankhidwa kupita ku sekondale pamodzi ndi mtsikana mnzanga mmodzi. Namwino sindinakhale. Ndine mphunzitsi, ndipo tsopano ndikuyendetsa sukulu ina ya pulaimale kufupi ndi Chia, kumene ana amajomba nthawi yopirikitsa mbalame m'minda ya mpunga.

Sindiikira kumbuyo a Gondwe, sindiikiranso kumbuyo ababa. Onse awiri ankandifunira zabwino, ndipo onse awiri anakhetsa magazi. Chimene ndikumvetsa lero n'chakuti ahedi aja anali ndi masomphenya abwino, koma anawatsekera m'mutu mwawo, ife n'kumangoona chikwapu. Masiku ena nanenso mtima umandiwira ndikaona madesiki opanda ana, ndipo ndimauzindikira mkwiyo umenewo kuti ndi womwe uja. Zikatero ndimatseka ofesi, ndimavala chitenje, n'kutsikira kumadimba kukafotokozera makolo kumene ndikufuna kuti ana awo akafike, ndi kumva zimene iwo akuona kuti sizitheka. Amatsutsa, nthawi zina amandikalipira, koma mawa lake ana ena amabwera. Munthu sungamulange chifukwa chosatsata njira imene sunamuonetse.