Makina a Alamu Anga Otchetchera Kapinga

Loweruka lapitali alamu anga a Rajabu anafika kwathu kuno ku boma pa lole ya nsomba yochokera ku Liwaladzi. Anatsika ndi chinthu chokutidwa ndi bulangete, anthu awiri akuwathandiza kunyamula. Mayi akunyumba ataona bulangetelo anafunsa kuti wadwala ndani.

Sanali munthu. Anali makina otchetchera kapinga oyendera magetsi, ofiira, amatayala anayi, chingwe chake atachikulunga pachogwirira.

A Rajabu anakwatira mlongo wanga. Anakhalitsa ku Joni, ndipo pobwerera anzawo ananyamula njinga, mawailesi ndi makina osokera. Iwo ananyamula amenewa. Koma kwawoko kulibe magetsi, choncho chibwerereni makinawo angokhala pabalaza, mlongo wanga akuyanikapo matawulo.

"Alamu," anatero atamwa madzi, "ndamva kuti nyumba yanu yabomayi ili ndi soketi. Ine ndingofuna ndiwamve akulira."

Ndikanakana bwanji? Tinalumikiza chingwe kudzera pawindo. Apo m'pamene tinazindikira kuti pakhomo panga palibe kapinga.

Inu owerenga, tayang'anani pabwalo panupo. Kuno kunyanja udzu pakhomo ndi chamanyazi. Mayi akunyumba amasesa m'mawa uliwonse mpaka mchenga kusalala, ndipo kaudzu kakangosuzumira amakapala ndi khasu, poopa njoka ndi pakamwa pa anthu. Chobiriwira chokha chimene chingwe chinkafikira chinali kamunda kawo ka mbatata. A Rajabu anakayang'ana nthawi yaitali.

"Mukangokhudza kholowa wanga," anatero mayi, "nonse awiri mukagona ku Liwaladzi."

Potsiriza tinapeza kapinga pampopi, pamene madzi amadonthera. Kukula kwake ngati mkeka wa munthu mmodzi. Nthawiyi n'kuti anthu atadzaza kale kumpanda. A Rajabu anavula jekete, anati "Bisimila," n'kudina batani. Nkhuku zonse zinathawira kwa aneba. Anakankha kupita uko, kubwera kuno, ntchito yatha.

Anthu anawomba m'manja n'kupempha kuti abwereze. Anabwereza. Kachitatu makina ankangouluza mchenga.

Chimene chinandidabwitsa n'choti aliyense anawafuna. Woyamba anali a Mhango, msodzi wochokera kumpoto, amene nyumba yawo ili pamchenga weniweni pomwe ngakhale mbuzi siima.

"Adada," anatero kwa a Rajabu, "kuchipatala cha mishoni ndinaona magalasi padenga. Akuti amatapa dzuwa n'kumaziziritsa mankhwala mufiriji. Makina ngati awa, adzuwa kulibe? Magetsi tilibe, koma dzuwa ndiye lochita kutaya."

A Rajabu anayankha kuti azungu sanafikepo pamenepo, koma Mulungu akalola afika. Ine ndinafunsa a Mhango kuti akawapeza azidzatchetcha chiyani.

"Zimenezo tidzaona makinawo akafika," anatero, osaseka n'komwe.

Tili mkati mokambirana anatulukira a tcheyamani a chipani a m'dera lathu lino, atamva phokoso. Anazungulira makinawo kawiri, manja kumbuyo. Kenaka anatikumbutsa kuti sabata yamawa kukubwera alendo akuluakulu ochokera ku likulu, ndipo udzu wa m'mbali mwa msewu uyenera kutchetchedwa wonse. Anayamikira a Rajabu pobweretsa chitukuko.

Tinawaonetsa kuti chingwe chimathera pamtengo wa mango. Anachikoka okha kuti atsimikize. Chinatheradi pomwepo.

"Palibe kanthu," anatero. "Chachikulu n'choti mwaonetsa chidwi pa nkhani ya udzu. Lolemba m'mawa inu awiri mudzakhale patsogolo."

Ndipo Lolemba tinalidi patsogolo, aliyense ndi chikwakwa chake.

Dzuwa litakwera tinakhala pansi pa mtengo kuti tipume. Manja anga, ozolowera cholembera, anali atatuluka matuza. Ndinafunsa funso limene mlongo wanga wakhala akufunsa chibwerereni amuna ake: pa zinthu zonse za ku Joni, bwanji makina a kapinga?

A Rajabu anapukuta chikwakwa chawo ndi udzu, kenaka anayankha mosakweza mawu.

"Masiku opuma kumgodi ndinkagwira ganyu pakhomo pa mzungu wina. Makina ankakankha yekha. Ine ndinkamutsatira chogwada, ndikudula m'mphepete ndi sizasi. Tsiku lina atalowa m'nyumba ndinangogwira chogwirira, kufuna kumva kulemera kwake. Anatuluka n'kundikalipira pamaso pa ana ake, ine bambo wa ana anayi. Ndinangoti mumtima, ndisanafe ndidzakankha anga, ndili chilili."

Anaimirira n'kupitiriza kutchetcha.

Ndivomere, ndinali nditakonza zowaseka alamu anga m'danga lino la m'nyuzipepala. Ziganizo zina ndinali nditaziloweza kale. Koma ndani wa ife alibe makina akeake? Ine ndili ndi suti yaubweya imene ndimavala mu Okutobala, thukuta likuyenderera mpaka m'nsapato, chifukwa ndili mwana ndinathamangitsidwapo pakhomo pa ofesi ina kaamba ka kabudula wong'ambika. Kwanuko muli ndi makapu m'kabati amene sanalawepo tiyi. Zinthu zina timagula kuti tizigwiritse ntchito. Zina timagula kuti tiyankhe munthu amene anatinyoza kalekale, yemwe mwina anaiwala ndi nkhope yathu yomwe.

A Rajabu anabwerera kwawo Lachiwiri. Makina anawasiya kwathu, pafupi ndi soketi, ndipo anati azibwera kamodzi pamwezi. Ananyamula thumba la mizu ya kapinga yoti akadzale pakhomo pawo podikira magetsi kapena dzuwa, chimene chidzayambe kufika. Mlongo wanga watumiza kale uthenga woti iye sadzathirira.

Komabe pali china chimene chikundisautsa. Dzulo ndinadutsa ku Chia pa njinga. M'madambo monse munali amayi atawerama m'madzi ofika m'mawondo, akuzula udzu mumpunga ndi manja, ena ana ali kumsana. Udzu umenewo ndi umene umatilanda chakudya chaka ndi chaka. Pa chikhamu chonse chimene chinasirira makina kwathu, amuna okhaokha ndiwo ankafunsa mafunso, ine ndemwe, ndipo tonse tinkafunsa za kapinga amene tilibe.

Tsiku limene anzeru adzatapedi dzuwa n'kuliika m'makina, akadzatifunsa kuti tikufuna ayambire pati, ndani wa ife adzakumbuke kutchula msana wa amayi a ku Chia?