Kabokosi kofiira ka kusikelo

Mwana ameneyu sindinabereke ine. Ndi wa mng'ono wanga, amene anatisiya khandalo lisanayambe n'kukwawa komwe. Ndinamutenga ine, poti kwathu kuno mwana ndi wa kuchikazi. Koma agogo ake a kuchimuna, a ku Magaleta, sizinawasangalatse. Ankati ine ndili kale ndi ana ambiri, wamasiyeyu azingodya zotsala.

Atayamba kuwonda, kuchipatala anamulemba kuti azilandira chiponde. Lamulo la amene ankapereka chipondecho linali lakuti pofika sikelo yotsatira mwana akhale atakwera ndi makilogalamu 0.2. Akapanda kukwera, kabokosi ka dzina lake pa kompyuta kankafiira, ndiye anthu ankayamba kunena kuti chiponde akudya ena. Ulendo wina kanafiiradi, poti anali atatsegula m'mimba. Agogo aja atamva anati, "Kakadzafiiranso, mwanayo ndidzanyamula." Amalume athu anavomera, eti, poopa mkangano. Ine sanandifunse.

Tsiku la sikelo agogowo anabwera okha, n'kukhala pambali panga pa benchi. Tinamukoloweka mwana pa sikelo ija yopachika pamtengo, muvi n'kuima pa 7.6. Ulendo wapitawo anali 7.4. Ine sukulu ndinalekera panjira, koma izi ndinawerenga ndi zala: wakwera ndi ziwiri, basi zakwana.

Alangizi a zaumoyo, mayi wina wochokera kumpoto, analemba nambalayo pa laputopu. Kabokosi kanafiira.

"Mwaonatu," anatero agogo.

"Alangizi, mesa wakwera?" ndinafunsa.

"Wakwera, mayi. Apa yalemba yokha 0.2. Nanga ikufiiriranji?" Anatulutsa foni, n'kuchotsera pomwepo, foni n'kunena 0.2.

"Makina awiri akutsutsana," anatero agogo. "Muyezeninso."

Mwanayo anali atangondikodzera kumsana, nsalu yonse nyowe. Ndinkaganiza, kodi mkodzo wa mwana umalemera bwanji? Ukatsitsa muvi kufika pa 7.5, ndinena chiyani? Tinamukolowekanso akulira, akupalapata miyendo, muvi ukuvina. Amayi onse pamzere anasiya macheza. Atatopa kulira, muvi unakhazikika pa 7.6 pomwe paja. Alangizi anafufuta, n'kulembanso. Kufiira komwe kuja.

Agogo anayamba kumanga mpango wawo bwinobwino, ngati munthu amene ulendo wake wakwana.

"Taimani kaye," anatero alangizi. Anadinadina pa kabokosi pamene panalembedwa 0.2, n'kukatambasula. Nambala ija inasintha tikuona. Inakhala 0.1999, ma 9 ali ndondondo mpaka kumapeto.

Alangizi anati, "Vuto ndi ili. Kompyuta sisunga 7.6 ndendende, imasunga nambala yoyandikira kwambiri. Ikachotsera, pamaperewera kafumbi kosaoneka ndi maso. Ife imationetsa 0.2, koma yokha m'kati ikuti sizinakwane."

"Ndiye sizinakwanetu," anatero agogo. "Kaya kafumbi kaya chiyani."

"Agogo, sikelo yathuyi imawerenga nambala imodzi yokha pambuyo pa kadontho. Ma 9 awa sanachokere kwa mwana. Abadwira m'makinamu."

Mpaka lero sindimvetsa bwino. Chinthu chodula chonchija, chochita kubwera pa galimoto kuchokera ku Boma, chingalephere bwanji samu imene ine ndinaitha ndi zala? Koma ma 9 aja ndinawaona ndi maso angawa.

Alangizi anaiuza kompyuta kuti izithera pa nambala imodzi ngati sikelo. Kabokosi kanasanduka kobiriwira.

"Mwakonza ndi dzanja," anatero agogo. "Mwamumvera chisoni mnzanuyu."

"Sindinakonze ka mdzukulu wanu kokha. Taonani." Anawatembenuzira laputopu. Timabokosi tina tingapo tinali titabiriwiranso, tina tinatsala tofiira. Mayi wina wa ku Dambe anafunsa za mwana wake, alangizi anamuuza kuti kake kakadali kofiira, mayiyo n'kukhala pansi.

Agogo anayang'ana nthawi yaitali. Sadziwa kuwerenga, koma mitundu amaiona. Kenako anatambasula manja.

"Bwera nayeni kuno."

Ndinazengereza. Ndikawapatsa, abweza? Ndikakana, anena kuti ndikubisa china. Ndinawapatsa. Anamukweza m'mwamba, n'kumutsitsa, n'kumukwezanso, kumuyeza ndi mikono yawo. Anamutsina patsaya, n'kumusuzumira m'maso. Ine manja anga analibe pogwira.

"Wanyowa uyu," anatero. "Mulibe nsalu ina?"

"Ilipo, amayi."

"Musintheni, angazizidwe pokwera phiri." Anandibwezera. "Sikelo ikubwerayi ndidzabweranso."

Ndinamubereka msangamsanga, osasintha n'komwe, n'kukalandira chiponde. Ndinakamusinthira kutsidya kwa mtsinje, tili kutali ndi agogo.